Pakati pa Mawu Awiri

A Kamphinda analemba mawu awiri pa bolodi,
choko chikunyenyeka m'zala ndi thukuta la Okutobala:
hire out.
Anati loyambalo ndi mneni, linzakelo ndi kachidutswa chabe,
koma akayendera limodzi amasenza katundu wina.
"Tanthauzo loyamba, kubwereketsa chako kuti upezepo ndalama:
ngolo, mipando ya pa ukwati, tenti ya pamaliro.
Lachiwiri..."
Belu linalira.
Anamalizira pakhomo, akusasa m'manja:
"Lachiwiri, kudzibwereketsa iwe mwini.
Mawa aliyense abwere ndi ziganizo ziwiri."

Madzulo ndinakhala pakhonde, kope lili pabondo.
Chiganizo choyamba sichinandivute.
A Twaibu a ku Kaphatenga ali ndi njinga zisanu ndi ziwiri,
iliyonse ndi kakhushoni kofiira kumbuyo
ndi nambala yolemba ndi penti,
koma iwo sindinawaonepo akupalasa.
Ndinawalemba m'Chingerezi choyera bwino,
iwo ndi njinga zawo.

Chachiwiri chinabwera chokha,
chapansi, malaya atamatirira kumsana,
chikupempha madzi chisanakhale n'pansi.
Bambo.

Buku lathu likuti munthu akamadzibwereketsa
mawu awiriwa amapatukana,
iye n'kulowa pakati:
hires himself out.
Ndinayang'ana nthawi yaitali.
Kumanzere wolipira, kumanja msewu,
pakati bambo anga,
atapanikizika ngati wokwera wachinayi pampando wa minibasi.

Njinga ya nambala 4 imabwerera kwawo sikisi koloko.
A Twaibu amatsina tayala ndi chala chachikulu,
amawerenga masipoko,
amazunguza gudumu khutu lili pafupi
ngati nesi womvetsera mtima wa khanda.
Ikalira penapake, amadula pa ndalama za tsikulo.
Mawondo a bambo amaliranso
koma palibe amawatchera khutu.
Mvula ikagwa, okwera n'kuchepa,
amapita nawo mawondo omwewo ku Lifuwu
kukawokera mpunga wa eni,
madzi m'akakolo, dzuwa pankhongo.
Mneni ndi yemweyo, munda ndiwo wasintha.

M'mawa mwake a Kamphinda anachonga zonse ziwiri.
Anangozunguliza ndi inki yofiira
pamene ndinaiwala kachilembo ka s,
n'kulemba m'mphepete kuti chitsanzo chabwino.
Chifuniro, mnzanga wa pa desiki, anali atalemba za bwato la injini
ndi za mzungu woimba gitala m'mahotela.
Anachongedwanso. Inki yake yomweyo.

Usiku bambo anatenga kope, naliyandikiza ku tochi.
Dzina lawo analizindikira.
"Wandilemba chiyani apa, Zione?"
Ndinamasulira pang'onopang'ono,
ndikusankha mawu ngati wosankha miyala mu mpunga.
Anamva. Anakanda chibwano.
"Azungu mawu onsewa? Ife timangoti ganyu, basi.
Ndiye wayamba ndi njinga, ine pambuyo?"
Ndinati ndi momwe aphunzitsi anasanjira matanthauzo.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Sanalakwe. Pokwera mtunda ndi momwemo,
njinga patsogolo."

Anandibwezera kope
pakona pali chidindo cha chala cha girisi.
Sindinachifufute.

Mayeso akubwera, ndaloweza bwino:
chinthu chikhoza kukhala pakati kapena kumapeto,
koma iye, iwo, mwini wake,
malo awo ndi pakati, osati kwina.
Chomwe chikundisowetsa tulo ndi kachidutswa kakumapeto kaja,
out, kunja,
kopanda ola lobwerera.
Njinga ili nalo lake, sikisi koloko.
La bambo ndimaliwerengera ndekha pakhonde,
ndikumvetsera patapata wawo wakumanzere,
uja womanga ndi waya,
amene amayamba kumveka akangodutsa pa chigayo.